Oyilo wa synthetic: dzina la pabotolo si nkhani

Achimwene, mwafunsa kuti mugule uti pa oyilo wa injini wa synthetic wa makampani awiri, wina wodula wina wotchipa, onse a 5W-30 (nambala yosonyeza kulemera kapena kupepuka kwa oyilo): tengani wotchipayo bola kumbuyo kwake kwalembedwa muyezo womwewo, monga API SP kapena SN, ndipo ukugwirizana ndi buku la galimoto yanu. Makampani ambiri amasakaniza oyilo wawo ndi mankhwala ochokera ku mafakitale owerengeka, monga Lubrizol ndi Infineum, ndiye kusiyana kwake n'kochepa.

Ine ka Vitz kanga ndakathirapo mitundu itatu yosiyana, injini ikulira chimodzimodzi. Chomwe chinandipweteka ndi oyilo wachinyengo. Ndinagula m'mbali mwa msewu, botolo lokongola ndithu, koma chotsekera chake chinali chomata ndi guluu. Pasanathe mwezi oyilo anali wakuda bii, kachitsulo koyezera kakununkha zopserera. Kuyambira pamenepo ndimagula pa filling station, ndipo fyuluta ndimasinthira limodzi, poti fumbi la misewu yathu mukulidziwa.

Koma ngati galimotoyo ndi ya dizilo yokhala ndi DPF (sefa yogwira mwaye wa mu utsi), kapena ili ndi turbo (chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini), musathire mwachisawawa. Onanani kaye ndi makaniko wodziwa ntchito, chifukwa zina zimafuna oyilo wa muyezo wa ACEA C3 kapena wina wake wapadera.