Achemwali, mankhwala ogonetsawo asiyeni

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Ali ndi mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi 8, kutsogoloku kuli ulendo wa maola 10 pa basi, ndiye anzake amuuza kuti angomumwetsa mankhwala a chimfine ogonetsa aja kuti mwana agone mpaka kukafika. Akufunsa ngati zili bwino, komanso zoti anyamule m'chikwama.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga ndili chiimire, koma nditafika pa mawu oti ogonetsa ndinachita kukhala pansi. Ine zimenezi ndinachitapo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandigunda.

Mwana wanga woyamba anali atangokwanitsa zaka ziwiri, kamnyamata kosakhazikika, kongofuna kukwera chilichonse. Tinali ndi ulendo wa usiku wonse pa basi ndipo ine sabata yonse sindinkagona bwino, kumangoganiza kuti akakayamba kulira anthu akandiona bwanji. Wachibale wina wamkulu ndithu, munthu woti walera ana asanu, anandipatsa kabotolo nkunena kuti iwe usavutike, kungomuthirira pang'ono basi aziti gone ngati chipika. Ngakhale supuni sindinagwiritse, ndinayeza ndi chivindikiro cha botolo lomwelo, mu mdima, basi ikunyamuka.

Patatha theka la ola mwana uja m'malo mogona maso anangoti gaa. Anayamba ndi kuimba, kenako kudumpha pa miyendo panga, kenako anakoka wigi ya mayi amene anakhala mpando wa kutsogolo, nsapato imodzi anaiponya sindikudziwa kuti inagwera kuti mpaka lero. Kenako kukuwa. Osati kulira kwa njala kapena kwa tulo komwe ndimakudziwa, ayi, kukuwa kwa mwana amene sakudzimva, thupi lonse kuuma, ukamugwira akukumenya, ukamusiya akudziponya pansi. Maola atatu abale. Cha m'ma 3 koloko mbandakucha ndi pamene anagwa tulo, tulo take tolemera moti mutu unkangolendewera, ndipo ine ulendo wonse wotsalawo ndinali ndi chala pansi pa mphuno yake kumva ngati akupuma. Ndikachotsa chala ndibwezenso. Sindinaphethire.

Nditafotokozera namwino wina patapita masiku, sanandikalipire koma anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandiuza kuti mankhwala a gulu limeneli kwa ana ena amachita zosemphana, m'malo mogonetsa amamupengetsa mwana, ndipo choopsa kwambiri amatha kufooketsa kapumidwe. Promethazine, amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Phenergan, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mwamphamvu kuti asapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa ana ena anasiya kupuma nkumwalira. Wanuyo sanafike zaka 2. Ndiye yankho langa ndi ayi, ayi weniweni, ndipo mnzanu amene wakuuzaniyo mumuwerengetse izi.

Koma chimene chimandipweteka nchakuti ine mankhwala aja sindinamupatse chifukwa cha iye. Mwana sankadwala. Ndinamupatsa chifukwa cha manyazi, kuopa anthu osawadziwa amene sindinawaonenso chitsikireni basi ija. Anthu otsonya aja, otembenuka nkukuyang'ana ngati mwanayo ukumutsina dala. Mwana wa zaka ziwiri sanalengedwe kuti akhale pa mpando maola 10, inu nomwe akuluakulu msana umawawa, ndiye iye atani? Alire basi. Amene wagula tikiti ya basi wagula mpando umodzi, sanagule bata. Masiku ano mwana akalira ndimapepesa kamodzi kwa amene ndayandikana naye, kamodzi kokha, kenako nkhope ndimalozetsa kwa mwana wanga.

Ndipo poti tayamba kale, azibambo. Usiku umene uja bambo ake a mwana anali pambali panga, mutu atatsamira pawindo, kukamwa yasa, mkonono. Kutacha akuti bwanji sunandidzutse. Ee? Basi yonse inadzuka, dalaivala anayatsa magetsi kawiri, inu nokha ndiye mumafuna kudzutsidwa mwapadera? Panopa tisananyamuke timagawana, maola awiri ine maola awiri iwo, ndipo nthawi yanga yopuma ikakwana ndimatseka maso ngakhale ndilibe tulo. Ngati mukuyenda nokha achemwali, wina akatambasula manja kuti akuthandizeni kunyamula chikwama musamachite zokana mwaulemu zija, perekani chikwama, mwana khalani naye.

Zina zimene ndimakwiya nazo nza galimoto yaing'ono, ngakhale simunafunse. Munthu kukhala kutsogolo mwana ali pamiyendo, eti ndamugwira. Galimoto ikaima mwadzidzidzi palibe mkono umene ungamugwire, ndipo airbag, thumba la mpweya lija lofufuma pa ngozi, ikaphulika imamenya mwana yemweyo. Malo ake ndi kumbuyo, mu mpando wake wa ana, wamng'ono chonchi moyang'ana kumbuyo. Komanso zomusiya m'galimoto yotseka poti wagona ndingothamangira kuchimbudzi, ayi. Mkati mumatentha msangamsanga ndipo thupi la mwana limatentha mofulumira kuposa la wamkulu.

Za m'chikwama

Kachikwama kamodzi kakang'ono kokhala pa mapazi panu, osati kopita ku katundu. Matewera ochuluka kuposa amene mukuganiza, zovala zosinthira za mwana ziwiri ndi malaya anu amodzi chifukwa akasanza amasanzira inu, majumbo otayira zonyansa, nsalu yofunda, madzi, ndi mapaketi a ORS mwina nkutsegula m'mimba muli pakati pa njira. Zakudya mupatseni zimene anazolowera, pang'onopang'ono, koma mtedza ndi maswiti olimba ayi, basi ikadumpha angatsamwe. Zoseweretsa ziwiri zokha zimene sanazionepo, muzitulutsa chimodzi pamene zinthu zafika poipa. Foni ine ndimaisunga ngati chida chomaliza, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana osakwana zaka 2 asamaonere sikirini koma tsiku la ulendo limodzi silipha, kungoti ena ikawachulukira m'galimoto amachita nseru.

Basi ikaima paliponse tsikani, ayende, athamange, ngakhale mphindi zisanu. Ngati pali kusankha tengani mpando wa m'mbali mwa kanjira, ndipo nyamukani nthawi imene iye amagona kale. Mukadzakwera ndege tsiku lina, muyamwitseni kapena amwe madzi ponyamuka ndi potera, kumeza kumatsegula makutu.

Nsapato mumuvule mukangokhala pansi, muziike m'chikwama.