Anawabweza kuchipatala matumbo atabooka: kodi pali mlandu?

Pepani ndi zomwe zawachitikira amayi anu. Mwati ali ndi zaka 78, anapita kuchipatala mimba ikuwapweteka, anawabweza ndi mankhwala opha ululu, ndipo patapita masiku awiri anapezeka kuti matumbo abooka. Achipatala akuti thupi silinkatentha ndipo maselo oyera a m'magazi, omwe amachuluka thupi likamalimbana ndi matenda, anali bwinobwino.

Yankho limenelo lisakugwetseni mphwayi. Okalamba ambiri matumbo akabooka thupi silitentha, mimba siuma gwa, maselo oyera nawo akhoza kuoneka abwino. Chimene chimaoneka ndi kubalalika mutu, mtima kuthamanga, kupuma mwawefuwefu, BP kutsika. Mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid amabisa zizindikiro, pomwe ibuprofen ndi diclofenac amatha kuyambitsa zilonda zomwe zimabooka. Dokotala wodziwa ntchito yake sangadabwe nazo izi.

Komabe khoti silifunsa ngati dokotala anaphonya matenda. Limafunsa ngati dokotala wina wosamala, ataona zomwezo tsiku limenelo, akanawabweza.

Yambani ndi fayilo ya amayi ya kuchipatala. Lembani kalata yopempha kope la zonse, ndipo asaine ndi amayi eni ake, chifukwa ufulu ndi wawo. Inu nokha akhoza kukukanizani. Onani nthawi yomwe anafika, kugunda kwa mtima, zotsatira za magazi monga CRP (yosonyeza kutupa m'thupi) ndi lactate (asidi wa m'magazi), yomwe ikapitirira 2 mmol/L imachenjeza, komanso ngati anawajambula X-ray ya pachifuwa ataimirira kuti aone mpweya wotuluka m'matumbo obooka pansi pa mapapo. X-ray imaphonya nthawi zina. CT, sikani yojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, ndiyo imaona bwino. Zomwe anamwino analemba musazisiye, nthawi zambiri nkhani imakhala mmenemo.

Kenako dokotala wa opaleshoni wosakhudzidwa ndi nkhaniyi alembe maganizo ake. Povuta ndi apa: muyenera kusonyeza kuti kuchedwako ndi kumene kunawonjezera vuto. Ngati amayi akanachitidwa opaleshoni yomweyo ngakhale tsiku loyamba, chipukuta misozi chimakhala cha zomwe masiku awiriwo anawononga basi.

Dandaulo ku bungwe loyang'anira madokotala limatha kubweretsa chilango kwa dokotala, koma ndalama zimachokera kukhoti kapena pa kugwirizana. Nthawi yosumira ili ndi malire, m'mayiko angapo zaka 3, ndipo kudandaula ku bungweko sikuimitsa nthawiyo. Achipatala akakubweretserani pepala loti nkhani yatha, musasaine loya asanaliwerenge.