Lusaka mpaka London pandege: mtunda wake

Mayi, mwafunsa za mtunda wa ulendo wa pandege wokaona mwana wanu ku London. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900 mukayeza molunjika, koma ulendo wanuwo utalika kuposa pamenepo. British Airways inasiya kubwera ku Lusaka mu 2013, ndiye muyenera kusintha ndege panjira. Mukadzera ku Addis Ababa mtunda umakwana 8,800 kapena kuposerako pang'ono; mukadzera ku Dubai umayandikira 11,000, chifukwa ndege imayamba yalowera kum'mawa kenako n'kukhotera ku Ulaya.

Ine ndinadzera ku Dubai, ndipo chimene chinanditopetsa kwambiri ndi kudikira pabwalo pakati pa usiku, nditakhala pampando wachitsulo, mapazi atatupa moti nsapato zimandithina. Pogula tikiti yang'anani maola odikirawo, osati mtengo wokha.

Komanso musaiwale kuti ife a ku Chipata timayamba ndi basi ya pa Great East Road, makilomita oposa 550, tsiku lathunthu latha. Lilongwe ili pafupi kwambiri, mungodutsa pachipata cha m'malire cha Mwami, ndipo ndege za Ethiopian Airlines zimateranso kumeneko. Funsani mitengo ya mbali zonse ziwiri. Ine ndikanayamba ndi ya ku Lilongweko.

Za viza ndi malamulo odutsira m'dziko lina, funsani ogulitsa matikiti ovomerezeka musanalipire. Ndipo poti munatchula za BP, kaonaneni ndi dokotala kaye, chifukwa kukhala maola ambiri osatambasula miyendo kumatha kuchititsa magazi kuundana m'mitsempha.