Kodi mphaka wanga akundiimba mlandu wa mvula?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Mvula ikayamba, mphaka wanga amalira pakhomo. Ndikamutsegulira amangosuzumira panja, n'kundiyang'ana moipidwa, kenako amapita kukalira kukhomo lakuseri. Galu naye kukagunda bingu amalowa pansi pa bedi, ndikamuitana satuluka. Kodi akuganiza kuti mvulayo ndagwetsa ndine?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, ziweto zanuzo sizikukudani.

Taganizirani moyo wa mphakayo. Chakudya chimafika m'mbale chifukwa cha inu. Chitseko chimatseguka chifukwa cha inu. Ngakhale mdima umachoka inu mukayatsa nyali. Ndiye panja pakanyowa, akadandaule kwa yani? Diso lija ndi pempho, akuti konzaninso izi. Kukhomo lakuseri amapitako kukaona ngati kumeneko kuli kouma, chifukwa ubweya wake ukanyowa umalemera, umachedwa kuuma, ndipo amazizidwa.

Anthufe timafulumira kuwerenga maganizo athu pankhope za nyama. Mu 2009, Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anaonetsa kuti agalu amagwetsa makutu ndi kuzyolika akakalipiridwa, ngakhale asanabe chakudya chimene analetsedwa. Eni ake ankati ndi manyazi a wolakwa, pomwe galuyo ankangoyankha mawu aukali. N'chimodzimodzi ndi "mkwiyo" umene mukuuona pa mphaka wanu.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi galuyo. Kukana kutuluka kuja si mwano, ndi mantha enieni, ndipo zimandipweteka ndikamva kuti galu wotere wamenyedwa kapena wakokedwa mokakamiza. Muyang'anitsitseni: akunjenjemera, akupuma mwawefuwefu, akuyasamula pafupipafupi, akunyambita milomo, mchira wapanira pakati pa miyendo. Ambiri amayamba zimenezi bingu lisanagunde n'komwe, chifukwa anaphunzira kale kuti mitambo yakuda, mphepo ndi fungo la mvula zimatsogolera chiphokoso chija.

Musiyeni pomwe wabisalapo, mumuyalire bulangeti pomwepo. Tsekani makatani kuti asaone kung'anima kwa mphezi, yatsani wailesi pang'ono, ndipo zitseko zakunja zikhale zotseka, chifukwa galu wamantha amatha kuthawa n'kusochera. Akabwera kudzatsamira pamwendo panu, musisiteni ndithu. Ena amati kutero kumakulitsa mantha, koma si zoona. Chimene chimawakulitsa ndi kukalipa.

Ngati akufika podzivulaza pokanda zitseko, kapena mantha amenewa angoyamba atakula kale, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Kuwawa kwa m'mafupa kapena m'makutu kumachititsa galu kuopa phokoso kwambiri, ndipo mankhwala ochepetsa mantha otere alipo.

Za mphaka zija n'zosavuta. Muikireni bokosi la mchenga lodzithandiziramo m'nyumba kuti asamavutike kutuluka kukamagwa mvula, komanso pokhala pofunda pafupi ndi zenera kuti aziionera ali pouma.