Mwana wanga akungokamba za mbewa zosabereka

Bambo wina wa ku Ngabu walemba kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali Fomu 4, akufuna kudzafufuza za majini (malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kwa makolo ake), ndipo kunyumba akungokamba za mbewa zazimuna zosabereka. Akufunsa ngati maphunziro otere ali ndi tsogolo, kapena amuuze angosankha unamwino.

Bambo, musamugwetse mphwayi mwanayo. Mbewa akunenazo si zija anyamata amakumba m'munda mukatha kukolola mapira, koma zoweta m'labotale, zomwe bere lake limatenga masiku pafupifupi 20 okha, kotero wofufuza amaona mibadwo ingapo m'chaka chimodzi.

Nkhani yagona pa mchira wa kambewu ka umuna. Kambewuka mukakaona pa maikulosikopu kamafanana ndi mbululu, ndipo mkati mwa mchira wake muli timachubu tiwiritiwiri m'magulu 9 tozungulira tiwiri tapakati, pamodzi ndi mapuloteni otchedwa dynein amene amaugwedeza kuti kasambire kukafika pa dzira. Jini imodzi yokha mwa majini opanga mchirawu ikalakwika, michira imatuluka yaifupi, yopindika, yokulungana kapena osatuluka n'komwe. Mu 2014 akatswiri anapeza vuto lotere mwa amuna ena chifukwa cha jini ya DNAH1, ndipo mu 2017 anapezanso CFAP43 ndi CFAP44. Popeza munthu sungamuyesere, anazimitsa majini awiri omalizawa mwa mbewa pogwiritsa ntchito njira yodulira ndi kusintha majini yotchedwa CRISPR: mbewa zazimunazo zinkaoneka zathanzi ndithu, koma ana osabereka.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno banja likakhala zaka popanda mwana, chala chimaloza mkazi, nkumutcha chumba, pomwe pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Mwana amene wazindikira zimenezi akadali ku sekondale ine sindingamubweze.

Chofunika tsopano n'chakuti akhoze bwino Biology, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE. Akatero akhoza kufunsira malo a sayansi ya m'labotale ya zachipatala ku Kamuzu University of Health Sciences, a Biology ku University of Malawi ku Zomba, kapena a sayansi ya ziweto ku Bunda, omwe kuchigwa kwa ng'ombe ngati kwanuko sangasowe nawo chochita, pakuti nkhunzi yosabereka imalowetsa pansi khola lonse.

Ndisakunamizeni, kusintha majini a mbewa ndi ntchito ya digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndipo kawirikawiri imafuna kupita kunja. Kuno malabotale akuluakulu, monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amalimbana kwambiri ndi malungo, TB ndi HIV, koma luso lochotsa ndi kuwerenga DNA (momwe mumalembedwa majini) lomwe angaphunzire kumeneko ndi lomwelo adzafunsidwe akamadzapempha thandizo la maphunziro apamwamba. Pakali pano mum'funse mphunzitsi wake wa Chemistry mmene mwanayo akuchitira, chifukwa ambiri okonda Biology amapunthwa pamenepo.