Ayi Malume, si ndiwo zimenezija

Malume mwaswera bwanji kumeneko, voice yanu ndangoimva panopa, ndinali mu lab foni ili m'chikwama. Mwafunsa kuti tizigoba ndaponya pagulu pano tija ndi ndiwo kapena chani, komanso ndikuvutikiranji kutipatula pomwe tonse tikuoneka chimodzimodzi. Hahaha si ndiwo ayi, olo mutandilipira sindingalawe.

Kuno amati ma mussel, tili ngati nkhono koma ta zigoba ziwiri zotsekana, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu basi. Kamangomatirira pamwala nkumakoka madzi kusefa chakudya, kamodzi pafupifupi lita imodzi patsiku, ndiye zonyansa zili m'madzimo, kaya mercury kaya mankhwala a m'mafakitale, zimatsalira m'thupi mwake. Mukatunga madzi m'botolo mumangodziwa za tsiku limenelo, koma aka sikachoka pamalo, kamakhala kasunga za miyezi. Nchifukwa chake a NOAA, bungwe la boma kuno ku America, ali ndi pulogalamu yoyeza timeneti kuyambira 1986, m'nyanja zikuluzikulu za Great Lakes zino anayamba 1992.

Tsono pachithunzi paja pali mitundu iwiri, zebra ndi quagga. Yonse ndi yobwera, kwawo ndi chakum'mawa kwa Ulaya uko, mbali za Black Sea, inafika m'madzi amene sitima zikuluzikulu zimatunga kuti zisamapendekeke panyanja. Zebra anamuona mu Lake St. Clair 1988, quagga mu Lake Erie 1989. Kusiyanitsa kwake ineyo ndimangoika patebulo, zebra kunsi kwake nkwafulati ndiye amakhazikika, quagga ngozungulira amangogwera chammbali. Mizere ya pachigoba musaikhulupirire, imanamiza, sabata yanga yoyamba ndinasakaniza thireyi yonse mpaka kuyambiranso.

Nkhani yagona apa Malume. Quagga uja ndi wolimba, amakhala kwakuya kozizira, ngakhale pamatope, pomwe zebra amafuna pamiyala chakumtunda, moti quagga walanda malo, mu Lake Michigan zebra watsala pang'ono kutheratu. Ndiye manambala akale ambiri anayeza pa zebra, atsopanowa ndi a quagga, ndipo awiriwa sasunga zitsulo ndi mankhwala mofanana. Nambala ikatsika mudziwa bwanji kuti madzi ayera, mwina changosintha ndi kachilombo? Zili ngati chaka chatha chimanga munayeza ndi ndowa, chaka chino mwayeza ndi beseni, kenako muziuza Azakhali kuti mwakolola zambiri, sangakumvereni. Ife tikuika mitundu yonse iwiri m'tizikwere tawaya malo amodzi, madzi amodzi, kwa masabata angapo, kenako nkuyeza kuti wina wasunga zingati winayo zingati. Ineyo ndimaona kuti ena amafulumira kungoti zonse ndi mussel basi, ulesi umenewo.

Eya, ndi ka vidiyo anatumiza achemwali ka ku Poland kaja, nzoona si za kompyuta ayi. Ku Warsaw amaika ma mussel 8 omata timasensa pamalo popopera madzi a mtsinje wa Vistula, akatseka zigoba ambiri nthawi imodzi alamu imalira kuchenjeza kuti mwina madzi aipa. Koma amenewo ndi mtundu wina waukulupo, si anga awa. Basi yanga yafika, mupereke moni kwa Azakhali.