Kodi magazini yaulere ya pa intaneti n'kutumizako nkhani?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti alemba nkhani ya mzinda umene anthu ake amagulitsana maloto pamsika, ndipo akufuna kuitumiza ku magazini ya pa intaneti yofalitsa nkhani zopeka za sayansi ndi zamatsenga, ndakatulo ndi ndemanga za mabuku. Koma anzawo awauza kuti chinthu chowerenga ulere n'chachabechabe, bola angoiponya pa Facebook. Funso lawo n'lakuti: "Kodi anzangawa akunena zoona?"

Ayi mayi, sakunena zoona, ndipo mukawamvera nkhani yanu muiphera mwayi.

Ulerewo ndi wa owerenga. Taonani magazini yaulere ya Strange Horizons, imene Mary Anne Mohanraj anaiyambitsa mu 2000. Imatuluka mlungu ndi mlungu, akonzi ake ndi anthu ongodzipereka, koma olemba amalipidwa, ndipo ndalama zake amasonkha owerenga chaka ndi chaka. Mu 2024 inapata Hugo, mphoto yotchuka ya nkhani zopeka za sayansi ndi zamatsenga, ku Glasgow m'dziko la Scotland. Ku Nigeria kuli magazini ya Omenana, imene Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anaiyamba mu 2014 kuti olemba a mu Africa akhale ndi bwalo lawo. Bungwe la olemba nkhani zoterezi ku America, la SFWA, mu 2019 linaika masenti 8 pa liwu lililonse ngati malipiro oyenera. Ndiye kuti nkhani ya mawu 4,000 ndi madola 320. Magazini ang'onoang'ono salipira choncho, koma aliyense amene angakuuzeni kuti inuyo mulipire kuti akufalitseni, mutalikirane naye.

Za Facebook mumvetse bwino. Chimene magazini ambiri amagula ndi ufulu wokhala oyamba kuonetsa nkhaniyo kwa anthu. Mukaiika poyera, ngakhale aiwerenge anzanu khumi okha, kwa akonzi yafalitsidwa kale, ndipo ambiri saigwiranso.

Tsono pali chinthu chimene simunandifunse koma ndikuchiona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi. Musanatumize, werengani magaziniyo, makamaka gawo la ndemanga, limene olemba atsopano amakonda kulidumpha. Zimandiwawa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli sukulu. Wolemba ndemanga wabwino sangoti bukuli n'lokoma. Amafunsa ngati dziko lopekalo lili ndi malamulo ake, ngati wolemba wawasunga mpaka kumapeto, ndi ngati anthu a m'nkhanimo akuvutikadi ndi malamulowo. Mukawerenga ndemanga zingapo, mudzayamba kufunsa nkhani yanu mafunso omwewo. Mumzinda mwanumo, wogulitsa maloto ake amatsala ndi chiyani akagona? Mtengo amaika ndani? Nanga amene salota amadya chiyani? Ganizo la msika wa maloto palokha silingamugwire mtima mkonzi, pakuti maganizo odabwitsa amawaona tsiku ndi tsiku. Chimene chingamuimitse ndi munthu mmodzi amene msikawo ukumudya moyo.

Ndakatulo nazo muziwerenge. Zimaphunzitsa kumanga dziko lathunthu ndi mizere yochepa, osatha masamba atatu mukufotokoza mbiri ya mzinda nkhani isanayambe.

Pomaliza, tsatirani malangizo a katumizidwe monga alembedwera: kutalika kwa nkhani, masiku amene akulandira, ndiponso ngati amalola kuti mutumizenso kwina nthawi yomweyo, pakuti ena salola. Nkhaniyo ikhale yolemba nokha. Mu February 2023, mkonzi Neil Clarke anatseka kwa kanthawi kulandira nkhani ku magazini yake ya Clarkesworld chifukwa cha mulu wa zolembedwa ndi makina, ndipo akonzi ambiri tsopano sanyengerera pa zimenezi. Yankho limatha kutenga milungu kapena miyezi, ndipo kawirikawiri loyamba limakhala lokana. Likabwera lotero, onaninso ngati pali pokonza, kenako tumizani ku magazini yachiwiri mlungu womwewo.